Mphindi Zitatu pa Mndandanda wa Alamu

Zonse zimene ndikudziwa za njanji za ku Amereka ndinaziphunzira ndikudya chakudya chamasana kwa alamu anga ku Parklands, muno mu Nairobi. Sindinapemphe kuphunzitsidwa. Mkazi wanga atamwalira, alamuwo ndi akazi awo anagwirizana zoti Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndizikadya kwawo, poopa kuti kunyumba kwanga, kufupi ndi Kawangware, ndizingodya buledi ndi tiyi. Sankanama, ndinkadyadi buledi ndi tiyi. Choncho ndinkapita, n'kukhala pampando womwewo wa pafupi ndi zenera, ndipo tikangoti ameni phunziro linkayamba.

Alamu angawa ndi mlongo wake wa mkazi wanga, wobadwa pambuyo pake, mwamuna yekhayo mwa ana asanu. Anakaphunzira za chuma ku Amereka, ndipo kumeneko mbiri ya mafakitale inawalowa m'magazi monga mmene mpira umawalowera ena. Pano amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu muno mu Nairobi. Ine ndimayang'anira nyumba yosungiramo mabuku ya bungwe la mpingo, ndipo ntchito yanga munthu angaimve pa kamodzi. Yawo anandifotokozerapo kangapo, ndipo ndikhulupirira kuti ndi yofunika.

Malinga ndi alamu, Amereka isanayalidwe njanji inali midzi ndi matauni osadziwana, tirigu akuwolera kuno pamene uko anthu akumusowa. Njanji zinafuna chitsulo, chitsulo chinafuna malasha, malasha anafuna njanji zoti ziwanyamule, ndipo zitatuzi zinayamba kudyetsana mpaka dziko lonse linanenepa. Pofotokoza ankagwiritsa ntchito zimene zinali patebulo. Mafoloko anali njanji, kabotolo ka mchere kanali mgodi, ndipo mbale yanga kawirikawiri inkakhala Chicago, moti ndinkadikira ng'ombe za kumadzulo zifike kaye ndisanapitirize kudya. Ku Chicago komweko, ankatero, nyama inkapachikidwa pa tcheni loyenda, munthu aliyense n'kumadula malo amodzi okha tsiku lonse, kenako n'kuikidwa m'mabogi ozizira kuti ikadyedwe ndi anthu amene sanaonepo ng'ombe yamoyo. Mawaya a telegalafu ankatsatira njanji, ndiye munthu wokhala mu ofesi ku New York ankatha kuimitsa sitima imene sadzaiona moyo wake wonse. Makampani atakula kuposa maso a munthu mmodzi anatulukira likulu, mamanijala ndi mafomu. Eni ake anagula migodi, sitima zapamadzi ndi njanji zomwe, kuti pasaime munthu wina pakati pa iwo ndi phindu. Babu wamagetsi atabwera, mafakitale anasiya kufunsa ngati kunja kwacha kapena kwada.

Koma imene ankaikonda koposa inali nkhani ya nthawi. Kale tauni iliyonse inali ndi masana akeake, poyang'ana dzuwa, ndipo sitima zinkasemphana, nthawi zina kugundana kumene, chifukwa wotchi ya uyu sinkagwirizana ndi ya uyo. Makampani a njanji atatopa nazo anakhala pansi n'kugawa dziko m'zigawo, chigawo chilichonse ola lake, ndipo dzuwa linangomvera. Akafika pamenepa ankagogoda patebulo ndi chala. Akazi awo, amene ndi mphunzitsi, ankawakumbutsa za anthu amene anafera m'migodi, za alimi amene ankafinyidwa ndi mtengo wonyamulira mbewu, ndi za eni nthaka amene anathamangitsidwa kuti njanji idutse. Alamu ankavomera kuti zonsezo ndi zoona, koma zili m'mutu wina wa buku, ndipo tidzafikako. Kwa zaka ziwiri sitinafikeko.

Kamodzi kokha ndinaponyapo langa. Ndinawauza kuti tsiku lina ndikukasiya mabuku ku Kibera, dera lina la mumzinda muno, ndinaona sitima ikudutsa pakati pa msika. Ogulitsa anachotsa nsapato ndi tomato pa njanji mosafulumira, sitima inadutsa ikupukuta madenga, ndipo bogi lomaliza lisanazimiririke tomato anali atabwerera pamalo pake. Ine ndinkaona ngati anthu ndi sitima anamvana bwino. Alamu anati chimenecho ndiye chitsanzo cha zonse zimene zikutibwezera m'mbuyo, ndipo anatenga mbale yanga kuti andisonyeze chifukwa chake.

Ndiyenera kunena chinthu chimodzi chimene panyumbapo sichinkatchulidwa. Mkazi wanga anamwalira kuchipatala muno mu Nairobi, ndipo thupi tinapita nalo kwawo, kumudzi wina wa ku Ntcheu. Alamu anali kunja pa ntchito. Ndege yawo inachedwa, ina inawasiya, ndipo anafika tsiku lotsatira titaika kale. Anakhala pasiwa masiku awiri n'kubwerera, kumanda osapitako. Ena anayankhula. Ine sindinayankhule, chifukwa sindidziwa chimene ndikanachita ndikanakhala iwowo.

Ndiye inakwana nthawi ya chiliza. Kwawo kwa mkazi wanga nkhani za manda ndi za mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndi alamu. Ine ndine mkamwini, ndimangouzidwa. Pasipoti yanga inali ku ofesi yokonzanso chilolezo cha ntchito, moti sindikanatha kutuluka m'dziko. Ndinapempha kuti tsiku lisunthidwe, koma abusa a kumudzi anali atalilemba kale, ndipo mvula inali pafupi. Alamu pasipoti anali nayo. Iwo anati kuntchito kuli msonkhano wosathawika, komanso kuti mwambo wotere sufuna mwini wake akhale pomwepo. Umafuna likulu. Likululo likhala pabalaza pawo, ndipo kumudzi tidzakuona kudzera pa foni ya mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Zomba. Mwanayo alamu anamuika kukhala manijala wa chigawo cha kumudzi, n'kumutumizira fomu yoti azidzaza Lachisanu lililonse. Iye anandiimbira kufunsa ngati amalume ake ali bwinobwino. Ndinamuuza kuti azingodzaza.

Zinthu anaziyendetsa monga eni migodi aja. Simenti anagula okha, mmisiri anamupeza okha, mwala anauitanitsa okha, ndipo mawu a pamwalapo ananditumizira atazokotedwa kale. Ndinati mwina ine ndigule nsalu yophimbira, poti pamsika wa Kawangware pali mayi wina amene mkazi wanga ankagulako nsalu. Anandiyankha mwaulemu kuti nsalu inagulidwa, pamodzi ndi chingwe chomangira ndi sizasi yodulira chingwecho. Chimene chinanditsalira chinali mzere umodzi pa mndandanda.

Mndandandawo anausindikiza pa pepala lalikulu. Kumanzere kunali nthawi ya ku Nairobi, kumanja ya kumudzi, popeza kuno tili patsogolo ndi ola limodzi. Chilichonse chinali ndi mphindi zake: pemphero lotsegulira, ulendo wa kumanda, nyimbo ziwiri, ulaliki umene abusa anapemphedwa kuufupikitsa, kuvundukula chiliza, mawu a mwini mbumba mphindi makumi awiri, kenako mawu a mwamuna wa malemu mphindi zitatu.

Sindinaone kuti zachepa. Pamaliro mwamuna woferedwa sayankhula, amakhala chete ena n'kumamuyankhulira. Ndinali ndi mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri, ndipo sanali ambiri. Mkazi wanga sankaukonda mzinda uno. Kuzizira kwa mwezi wa Julaye kunkamulowa m'mafupa, ndipo m'maminibasi a kuno, amene amawatcha matatu, ankakwera atatsinzina. Katatu konse anandipempha kuti tibwerere kwathu, ndipo katatu konse ndinamuuza kuti tidikire ntchito yanga ithe kaye. Ndinkafuna kunena zimenezi pamanda pake, abale ake akumva, ndi kumupempha kuti andikhululukire. Nditayeserera pa siteji podikira matatu, zinanditengera mphindi imodzi yosakwana. Nditawauza alamu anati zili bwino, zotsalazo zikhala zapadera, poti sitima yoyendetsedwa bwino imasungako mphindi zingapo.

Tsikulo linali Loweruka. Pabalaza pa alamu tinasonkhana anthu ngati khumi a m'gulu lathu la mapemphero, Amalawi okhaokha. Amuna tinakhala pamipando, amayi anayala zitenje pansi n'kutambasula miyendo, ngakhale mmodzi wa iwo ndi bwana wamkulu amene dalaivala wake ankamudikira panja. Kompyuta anailumikiza ku kanema kuti tonse tizionera. Mndandanda anaumata pakhoma. Alamu anali atagula wezulo, koma akazi awo anawalanda m'mawa womwewo, ndiye anangogwira cholembera chofiira.

Nthawi itakwana ndendende mwana wanga anaimba foni, nkhope yake n'kudzaza kanema yense, ndipo alamu anachonga mzere woyamba. Mwanayo anatiuza monong'ona kuti foni anaitchaja mpaka kudzaza pa sitolo ya pamsika, popeza kumudziko kulibe magetsi, koma kabatire kapadera kamene anabweretsa anabwereka abusa, amene ulaliki wawo unali m'foni yawo, ndipo iye sangakawalande abusa. Alamu anawerengera papepala n'kunena kuti palibe vuto, batire yodzaza ikwanira mwambo wonse n'kutsalako.

Mwanayo anali atakhala pamphasa pakati pa amayi, pabwalo la nyumba ya azakhali a alamu, amene ndiwo wamkulu wotsala m'banjamo. Azakhaliwo anasuzumira pa foni n'kuona nkhope ya alamu ndi yanga. Tinawamva akufunsa kuti zayamba liti zoti mwini mbumba ndi mkamwini azikhala pamphasa ya amayi. Mwana wanga anayesa kufotokoza kuti ife tili ku Nairobi. Azakhali anati akutiona ndi maso awo, ndipo tili pamphasa.

Anatinyamula. Tinaona thambo ndi nthambi za mango, kenako tinakhazikidwa pampando wamatabwa kutsogolo kwa amuna, atatitsamiritsa ku buku la nyimbo. Anatipatsa munthu wotisamalira, mkulu wa mpingo wina amene paunyamata wake anali kondakitala wa basi, ndipo mawu ake anali akadali a ntchito imeneyo. Mwana wanga anabwerera kumphasa, kutali nafe. Patapita kanthawi mayi wina anabwera n'kugwada, n'kuika makapu awiri a thobwa patsogolo pa mpandowo.

Pamenepo m'pamene chinaonekera chimene mndandanda unaiwala. Alendo akafika amapatsidwa moni.

Anayamba amuna, mmodzimmodzi. Aliyense ankanyonyomala patsogolo pa mpando, kuvula chipewa, kufunsa mmene tadzukira, mmene tayendera, ndi mmene tawasiyira a ku Nairobi. Ankayamba ndi alamu, kenako ine, kenako ankafunsa kuti enawo kumbuyoko ndi ndani, ndipo akauzidwa ankawapatsanso moni. Mawu ankachedwa panjira, choncho munthu akafunsa n'kuona kuti sitikuyankha ankafunsanso, yankho lathu loyamba n'kukumana ndi funso lake lachiwiri, tonse n'kuyamba kupepesana. Moni sakana. Ine ndinayankha aliyense, ndipo ena ndinakondwa kuwaona, monga bambo wina amene anakumba nawo manda aja, amene anandiuza kuti chaka chino mbuzi zake zaswa bwino.

Alamu ankayankha maso ali pakhoma. Atatha amuna khumi ndi awiri anaitana mkulu wa mpingo uja n'kumufotokozera njira yachangu. Anthu aime pamzere, azidutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja, aliyense azingokweza dzanja osaima, ndipo ife tidzayankha onse pamodzi pamapeto. Anati ndi mmene mafakitale anachitira kuti ntchito ya tsiku lonse izitha m'ola limodzi. Mkuluyo anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatembenukira ku gulu.

"Eni mbumba akuti akondwa kwambiri kukuonani," anafuula. "Akuti pasatsale ndi mmodzi yemwe wosawapatsa moni."

Amayi onse anadzuka pamphasa.

Amayi sapereka moni ataima. Ankagwada chapatali, ndipo mkuluyo ankatinyamula kutifikitsa kwa aliyense monga mbale ya chopereka. Ena analira atandiona. Ambiri anati ndaonda, mmodzi anati ndanenepa. Wina anafuna kudziwa ngati bwana wamkulu wa pachitenje uja ali pabanja, ndipo atamva kuti ayi ananditchula dzina langa kawiri popanda chifukwa chomveka. Panthawiyi wa njinga yamoto anafika pakhomo pa alamu ndi masamusa pa mphindi yeniyeni imene anauzidwa, ndipo alamu anachonga mzere umenewo mwamphamvu moti pepala linabooka. Pa foni ya akazi awo panafika uthenga wochokera kwa mwana wanga, amene anabwereka kafoni kamabatani ka mnzake. Anati wasuzumira pamene timadutsa pafupi naye, ndipo batire yatsika kupyola theka.

Alamu anapempha kuti atizimitse kaye, adzatiyatse pofika kumanda. Mkuluyo anadabwa. Anati sangazimitse alendo anthu akuona, komanso thobwa sitinalawe n'komwe. Anafunsa ngati talakwiridwa penapake. Alamu anati ayi. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo bambo wina wa m'gulu lathu anawafunsa chapansipansi ngati ku Amereka sitima inkaimanso pakhomo lililonse.

Ine ndinayamba kuwerengera ndekha, ngakhale si khalidwe langa. Mzere wanga unali womaliza, kupatula nyimbo yotsekera. Ndinapemphera chamumtima, ndipo ndikuvomera kuti ndinapempherera batire.

Tinanyamuka kupita kumanda titachedwa ndi ola limodzi ndi theka. Mkuluyo anatigwira pachifuwa titayang'ana kutsogolo, ndipo njira yonse tinaona msana wa abusa ukukwera ndi kutsika. Amayi a kumudzi ankaimba, amayi a pabalaza n'kumathandizira, koma mochedwa ndi theka la mzere, moti nyimbo inkamveka ngati ikudzithamangitsa yokha. Titalowa pansi pa mitengo ya kumanda, amuna a pabalaza tinaimirira popanda wotiuza.

Abusa sanafupikitse. Batire yawo inali yabwino. Analalikira za mizinda imene anthu amamanga ndi manja awo n'kuiwala kuti ndi apaulendo, ndipo potchula mizinda ankatiyang'ana ife. Unali ulaliki wabwino, ndipo tsiku lina ndikanakonda kuumva wonse. Ali mkati uthenga wachiwiri unafika. Akazi a alamu sanauwerenge mokweza, anangondionetsa. Mwanayo anati kachizindikiro ka batire kafiira.

Kenako azakhali ndi mwana wanga anadula chingwe n'kuchotsa nsalu. Mkuluyo, pofuna kutichitira ulemu, anatifikitsa pafupi kwambiri, ndipo dzina la mkazi wanga linadzaza kanema wa alamu kuchokera mbali ina kukafika ina, chilembo chilichonse chachikulu ngati chikhatho. Abusa analengeza kuti tsopano timve kwa eni mbumba.

Alamu anabwera kutsogolo, anamanga batani la jekete, anatenga mapepala awo anayi. Anati, "Abusa, akuluakulu a mpingo, azakhali," ndipo anaima pomwepo. Pakamwa panali potseguka pang'ono. Maso anali pa kanema. Mapepala sankagwedezeka n'komwe. Ife pabalaza tinadziwa chimene chachitika, ndipo aliyense anayang'ana pansi.

Kumanda sanadziwe. Kwa iwo, munthu woima chilili pa foni osaphethira ndiye kuti netiweki yathawa. Tinamva wina akunena zimenezo, wina n'kuvomereza. Mkuluyo anatigwedeza, anatiuzira mpweya, anatipukuta pa malaya, anatikweza m'mwamba. Wina anati pachulu cha kuseri kwa manda ndi pamene anthu amaimbira mafoni. Ndiye tinanyamuka. Tinaona masamba, thambo, mphuno ya mkuluyo kuchokera pansi, udzu, thambo kachiwiri, ndipo tinkamumva akupuma movutika pokwera. Nthawi yonseyi alamu anali chiimire, ngati umboni wakuti netiweki yathawadi. Ndikanatha kuyankhula kuti mkuluyo abwerere, koma potero ndikanaululira mudzi wonse chimene chawagwira alamu. Ndinakhala chete, ndikudziwa kuti mphindi zimene zikuthazo ndi zanga.

Pamwamba pa chulu mkuluyo anafunsa ngati tikumumva. Alamu anakhala pansi pang'onopang'ono, anapinda mapepala, n'kukankhira kompyuta kwa ine.

"Alamu, yankhulani inu," anatero. "Tengani ndi zanga zomwe."

Tsopano ndinali pachulu. Manda ankaoneka patali, anthu ngati nyemba zomwazika pansi pa mitengo, chiliza kadontho koyera pakati pawo. Ndinapempha mkuluyo kuti tibwerere pafupi. Anakana mwaulemu. Anati tikasuntha netiweki ithawanso, koma ndisadandaule, ine ndiziyankhula iye azifikitsa. Nthawi yokangana panalibe.

"Mayi, ndine," ndinatero kwa mkazi wanga. "Ndachedwa kubwera."

"Akuti afika bwino," anafuula mkuluyo, ndipo patali tinamva gulu likuvomera.

"Munanditsata kudziko la eni. Kunkakuzizirani, koma simunandichititsepo manyazi pa anthu."

"Akuti malemuwa anali mayi womvera, ndipo atsikana a masiku ano atengerepo phunziro."

Bwana wamkulu wa pachitenje uja anatsokomola. Ine ndinapitiriza.

"Munandipempha katatu kuti tibwerere kwathu. Ine ndinkati tidikire ntchito ithe."

Apa mkuluyo anati ndibwereze, mphepo yawomba. Ndinabwereza. Anandiyang'ana kwa kanthawi, nkhope yake itayandikira moti ndinkaona thukuta pamphumi pake, kenako anatembenuka n'kufuula kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Gulu linavomera kuposa poyamba.

Panatsala liwu limodzi. Ndinapuma kuti ndilinene bwino, ndipo kanema anada. M'galasi lakudalo ndinaona pabalaza pathu, amayi pansi, amuna ataima, ine pakati nditagwira chipewa. Ndinati, "Ndikhululukireni," chifukwa ndinali nditayamba kale, ndipo anamva ndi anthu khumi a ku Nairobi.

Patapita nthawi mmodzi wa amayi anayambitsa nyimbo yotsekera, ndipo tinaimba ndime zonse. Akazi a alamu anatuluka n'kubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi, n'kuima pakhomo la khitchini. Bambo wa funso la sitima uja anafunsa ngati n'zofunikadi, poti kumanda sitinapondeko. Mayiwo anati iwo sakudziwa ngati tinapondako kapena ayi, koma m'nyumba mwawo wochokera kumanda sagwira chakudya asanasambe m'manja. Tinasamba tonse motsatana. Alamu anasamba pomaliza, ndipo anakhalitsa manja m'madzimo.

M'mawa mwake, ndisanapite kutchalitchi, mwana wanga anandiimbira foni ali m'basi yobwerera ku Zomba. Anandiuza kuti foni itazima mkulu uja sanatsike pachulu. Kaya sanazindikire, kaya anazindikira, koma anaiika kukhutu n'kupitiriza kufikitsa mawu athu kwa mphindi zingapo ndithu. Anati tikuthokoza abusa, mmisiri ndi amayi ophika. Anati eni mbumba akupepesa chifukwa cha netiweki. Pomaliza anati tonse awiri, alamu ndi ine, tibwera anthu akatha kukolola kudzaona chiliza ndi maso athu. Amayi analuluta chapansipansi ngakhale kunali kumanda, ndipo pofika madzulo azakhali anali atasankha kale nyumba imene tidzagonemo.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga inuyo bambo munanena chiyani kwenikweni?"

Ndinamuuza zonse, mpaka liwu lomaliza lija. Kenako anati wamva. Anafunsa ngati awauze azakhali kuti za kubwerazo anangopeka mkuluyo. Ndinati asanene kanthu kaye, nkhaniyo ndi ya eni mbumba.

Alamu ndinawapeza panja pa tchalitchi titaweruka, ataima pafupi ndi galimoto yawo akudikira akazi awo. Ndinawafotokozera mmene ndinamvera, osawonjezera. Anamvetsera akuyang'ana matatu akudutsa pamsewu. Anafunsa ngati mkuluyo anatchula tsiku. Ndinati anangoti anthu akatha kukolola. Iwo anati limenelo si tsiku. Ndinavomera kuti si tsiku.

Anaseweretsa makiyi. Kenako anandifunsa ngati munthu akafika kumandako amaloledwa kuima yekha, kapena gulu lonse limakhala pomwepo likumuyang'ana. Ndinawauza kuti amalowa ndi akuluakulu, koma akapempha amamusiya yekha kwa kanthawi. Anati ali ndi masiku a tchuthi amene sanatenge, ndipo akazi awo atatulukira pakhomo la tchalitchi anawakodola kuti afulumire, pali nkhani.